Madzi a Dzulo: Mmene Amayezera Nyanja Asanalole Anthu Kusambira

Mayi akatunga madzi pachitsime amayamba wasuzumira kaye mundowa. Akapeza kuti ndi amatope amawasiya adikhe, mwinanso kuwasefa ndi kansalu. Akakhala oyera mbee, ambiri a ife mtima umakhala m'malo. Komabe aliyense amene anaona mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, akudziwa kuti pa nkhani ya madzi maso amanama. Madzi amatha kuoneka oyera, osanunkha, okoma pakamwa, koma muli tizilombo tokwanira kugoneka banja lonse. N'chifukwa chake azaumoyo amangoti thirani klorini kapena wiritsani, osalabadira za maonekedwe.

Madzi akumwa timawasamala choncho chifukwa timadziwa kuti akupita m'mimba. Osambiramo sitiwaganizira kwenikweni. Koma palibe amene amasambira pamalo a mafunde n'kutuluka osamwerako. Funde likakuphimba, madzi amalowa m'kamwa, m'mphuno, m'makutu ndi m'maso. Ofufuza a ku America atayeza anthu osambira m'dziwe lomangidwa, anapeza kuti mwana amameza madzi ochuluka pafupifupi kawiri poyerekeza ndi munthu wamkulu.

Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, koma abale athu ambiri amene ali ku Joni amakhala ku Durban ndi ku Cape Town, ndipo amalonda amafika ku Beira, ku Nacala ndi ku Dar es Salaam. Pa Khirisimasi ndi pa Nyuwere magombe a ku Durban amadzaza thoo, kusowa popondera. Ndiye nthawi zina anthu amafika ndi ana awo, dzuwa likuswa mtengo, madzi akunyezimira, n'kupeza chikwangwani choti kusambira n'koletsedwa. Amene waika chikwangwanicho waona chiyani chimene ifeyo sitikuchiona?

Njira zimene zonyansa zimadzera

Ambiri amati nyanja ndi yaikulu, siingade, ndipo mchere umapha chilichonse. Zoona pang'ono zilimo. Madzi ochuluka amasungunula zonyansa, dzuwa limapha tizilombo tambiri, mchere nawo umatifooketsa. Koma zimenezi zimafuna nthawi, masiku amene, ndipo anthu sasambira pakati pa nyanja. Amasambira m'mphepete, pamalo pamene chilichonse chochokera kumtunda chimayambira kufika.

Pali chinanso. Madzi a mumtsinje ndi opepuka kusiyana ndi amchere, choncho akafika kunyanja sasakanikirana msanga. Amayandama pamwamba, mphepo ndi mafunde n'kumawakankha motsatira gombe. Mtsinje umene uli pamtunda wa makilomita awiri kapena atatu ukhoza kudetsa malo amene mukusambira lero, mawa mphepo n'kutembenuka, n'kukadetsa kwina.

Zonyansa zoopsa kwambiri ndi za m'chimbudzi cha anthu, chifukwa tizilombo tambiri todwalitsa munthu timachokera mwa munthu mnzake. M'mizinda ikuluikulu zimbudzi zogejemula zimalumikizidwa ku mapaipi a pansi pa nthaka, amene timawatcha a suweji, ndipo mapaipiwo amakathera kumalo oyeretsera. Mizinda ya m'mphepete mwa nyanja ili ndi vuto lakelake: malo ambiri ndi otsika, ndiye zonyansa sizingayende zokha. Pamafunika makina opopa. Magetsi akathima, kapena akuba akasolola mawaya, makina amaima koma anthu sasiya kupita kuchimbudzi. Dzenje la pamakinapo likadzaza limasefukira, ndipo monga akulu ananenera, madzi saiwala khwawa: zonse zimatsetserekera kumtsinje, mtsinje n'kukazitula kunyanja. Mapaipi otsekeka ndi matewera, nsanza ndi mafuta ophikira oundana amachitanso chimodzimodzi.

Njira ina ndi ngalande za madzi amvula. Zimenezi kawirikawiri sizidzera koyeretsera kulikonse. Mvula ikagwa patapita nthawi yaitali kuli ng'amba, imakokolola manyi a agalu, zitosi za mbalame, za m'zimbudzi zokumba zimene zasefukira, zonse n'kukalowa m'nyanja tsiku lomwelo. M'mizinda yakale ya ku Britain zinthu n'zovutirapo, chifukwa paipi imodzi imanyamula za m'chimbudzi ndi madzi amvula omwe. Amisiri akale anasiya dala potulukira kuti mvula ikachuluka zonyansa zizithawira mumtsinje kapena m'nyanja m'malo mobwerera m'nyumba za anthu. Mu 2023 ku England malo otulukira oterewa, onse pamodzi, anatulutsa zonyansa kwa maola pafupifupi 3.6 miliyoni.

Ndiye pali mizinda imene imataya suweji m'nyanja mwadala, kudzera m'mapaipi aatali oyalidwa pansi pa madzi. Cape Town ili ndi mapaipi otere ku Green Point, ku Camps Bay ndi ku Hout Bay, ndipo zimene zimatuluka kumeneko zimangosefedwa kuchotsa zinyalala zikuluzikulu. Akuluakulu a mzindawo amati nyanja imazisungunula mokwanira. Asayansi ena ndi anthu opalasa timabwato kumeneko amatsutsa, ndipo mkanganowo wakhalapo zaka zambiri. Ku Sydney, m'dziko la Australia, suweji inkatulukira m'munsi mwa matanthwe pafupi ndi gombe lotchuka la Bondi mpaka mu 1990 ndi 1991, pamene mzindawo unatsegula mapaipi atatu otayira pamtunda wa makilomita awiri mpaka anayi kuchokera kugombe. Madzi a ku Bondi anasintha kwambiri kuyambira pamenepo.

Zimene wosambira amabwera nazo

Matenda ofala kwambiri ndi kutsekula m'mimba ndi kusanza, kawirikawiri chifukwa cha mavairasi monga norovirus. Ena amamva kuwawa m'khutu, maso kufiira, khungu kuyabwa, chifuwa ndi chimfine. Kumene anthu ambiri akudwala matenda a chiwindi otchedwa hepatitis A, vairasi yake imapezekanso m'madzi a suweji. Kwa munthu wamkulu wathanzi zambiri mwa izi zimatha pamasiku awiri kapena atatu, ndipo nthawi zambiri amangoti chamupweteka ndi chakudya chimene anagula pagombepo. Kwa mwana wamng'ono, nkhalamba, kapena munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chinatsika, nkhani imakula. Amene ali ndi bala losapola ayenera kusamala koposa.

Likodzo lokha musaliope m'nyanja yamchere. Nkhono zimene zimasunga tizilombo ta likodzo, zonga zimene zimapezeka m'madera ena a Nyanja ya Malawi monga ku Cape Maclear, sizikhala m'madzi amchere.

Mapazi a fisi

Tizilombo todwalitsa tilipo mitundu yambirimbiri, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kayezedwe kake. Tina timapezeka tochepa kwambiri moti munthu angasefe malita ambiri osatipeza, chikhalirecho tochepa tomweto n'tokwanira kudwalitsa. Kufufuza mtundu uliwonse pagombe lililonse sabata ndi sabata, palibe boma limene lingakwanitse.

Akatswiri anapeza njira yachidule. Mwini khola akadzuka m'mawa n'kuona mapazi a fisi pafupi ndi mbuzi zake, sadikira kuti amuone fisiyo ndi maso. Amadziwa kuti wadutsa, ndipo amalimbitsa khola. Oyeza madzi nawo safuna tizilombo todwalitsato, amafuna mapazi a chimbudzi. Mapaziwo ndi mabakiteriya amene amakhala m'matumbo a munthu aliyense ndi a nyama zamagazi ofunda, ndipo amatuluka ochuluka zedi nthawi iliyonse imene munthu wadzithandiza. Akapezeka ambiri m'madzi, ndiye kuti chimbudzi chalowamo posachedwa, ndipo kumene kwalowa chimbudzi cha anthu ambiri, cha odwala sichilephera kukhalapo.

Mitundu imene amagwiritsa ntchito ndi iwiri. Woyamba ndi Escherichia coli, mwachidule E. coli, umene unatchedwa dzina la Theodor Escherich, dokotala wa ana wa ku Germany amene anaufotokoza mu 1885. Mabakiteriya ambiri a mtundu umenewu sadwalitsa. Tonsefe tikuyenda nawo m'mimba. Nyuzipepala zikalemba kuti gombe latsekedwa chifukwa cha E. coli, anthu amaganiza kuti E. coli ndiye mdaniyo, pamene iye wangokhala mboni. Wachiwiri ndi gulu lotchedwa enterococci. Amenewa amapirira mchere kuposa E. coli, amene amafa msanga m'nyanja, ndipo chifukwa cha ichi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndi bungwe loteteza chilengedwe ku America la EPA amadalira enterococci poyeza madzi amchere.

Mboni imeneyi ili ndi zofooka zake. Siinena kuti chimbudzicho n'cha munthu, cha galu kapena cha mbalame za m'nyanja, ngakhale kuopsa kwake n'kosiyana. M'madera otentha mabakiteriyawa amatha kukhala nthawi yaitali mumchenga wonyowa ndi m'ndere zowola, mafunde n'kumawavundula. Choipa kwambiri n'chakuti mavairasi ena amakhalitsa m'madzi kuposa mabakiteriyawa, moti mapazi amatha kufufutika fisi akadali pomwepo.

Ulendo wa botolo

Ntchito imayamba m'mawa. Woyeza amalowa m'madzi pamalo amene anthu amasambira kwambiri, mpaka madzi afike m'mawondo kapena m'chiuno. Malamulo a mayiko a ku Ulaya amati atunge masentimita 30 kutsika kuchokera pamwamba pa madzi, pamalo akuya mita imodzi. Botolo limakhala lophedwa tizilombo kale, ndipo salikhudza kukamwa kwake. Akatseka amalembapo malo, tsiku ndi nthawi, n'kuliika m'bokosi la ayezi momwe muli mdima, chifukwa kutentha ndi kuwala zingasinthe chiwerengero cha mabakiteriya ali m'njira. Amalembanso zimene waona: mtundu wa madzi, fungo, mbalame, ngalande ngati ikuyenda, mvula ngati inagwa dzulo. Botolo liyenera kufika ku labotale pamaola ochepa.

Kutunga m'mawa kuli ndi chifukwa chake. Usiku kulibe dzuwa lopha mabakiteriya, choncho chiwerengero chimakonda kukhala chokwera kum'mawa n'kumatsika masana. Amene akufuna manambala okoma angathe kumatunga dzuwa litapendeka, ndipo sanganenedwe kuti wabera.

Ku labotale amatenga mamililita 100, madzi osakwana theka la kapu ya tiyi, n'kuwadutsitsa pa sefa ya timabowo tating'ono kwambiri moti mabakiteriya amatsalira pamwamba. Sefayo amaiika m'kambale momwe muli chakudya chimene chimakomera mtundu wokhawo umene akuufuna, n'kuika kambaleko m'chipangizo chofunditsa. Bakiteriya mmodzi saoneka ndi maso. Koma akapeza chakudya ndi kufunda amagawikana pawiri, awiriwo n'kukhala anayi, ndipo E. coli zinthu zikamuyendera amachita zimenezi pa mphindi 20 zilizonse. Pakutha pa tsiku, pamene panali mmodzi pamakhala kadontho kooneka bwinobwino. Woyeza amangowerenga timadonthoto. Mukaona pachikwangwani palembedwa 320 cfu/100 ml, tanthauzo lake ndi timadontho 320 tochokera m'mamililita 100 a madzi.

Njira ina yofala ndi yothira ufa wapadera m'madziwo n'kuwagawa m'thireyi ya timaenje tambiri. Pakapita maola 18 mpaka 24, timaenje momwe muli mabakiteriyawo timasintha mtundu kapena kuwala akatiunika ndi nyali yapadera, ndipo chiwerengero amachipeza pa tebulo la masamu. Njira zonse ziwiri zimafuna chinthu chimodzi chimene sichingafulumizidwe: kudikira kuti mabakiteriya aswane.

Malire ali pati?

Pa madzi akumwa lamulo ndi lachidule: m'mamililita 100 musapezeke E. coli ngakhale mmodzi. Pa madzi osambira sizingatheke, chifukwa nyanja ya mbalame ndi mitsinje siingakhale yopanda kanthu. Funso limakhala lakuti angati ndi ochuluka.

Yankho analipeza poyesa anthu enieni. Pakati pa 1989 ndi 1992 ku Britain, ofufuza ankasonkhanitsa anthu odzipereka pagombe n'kuwagawa mwamaere. Ena ankakhala kumtunda, ena ankalowa m'madzi kwa mphindi 10 n'kumiza mutu katatu, uku madzi akuyezedwa pamalo omwewo. Pambuyo pake ankawafunsa ngati adwala. Zinaoneka kuti enterococci akamachuluka, odwala m'mimba nawo amachuluka. Pa maziko a kafukufuku ameneyu, mu 2003 WHO inagawa madzi osambira m'magulu anayi. Pamene enterococci sapitirira 40, wodwala m'mimba sakwana mmodzi pa osambira 100. Kuyambira 41 mpaka 200, amadwala mmodzi mpaka asanu. Kuyambira 201 mpaka 500, asanu mpaka khumi. Kupitirira 500, oposa khumi pa 100 alionse.

Dziko lililonse limasankha pamene liike mzere wake. Lamulo la mayiko a European Union la mu 2006 limati gombe la nyanja yamchere ndi labwino koposa ngati enterococci sapitirira 100 ndipo E. coli sapitirira 250, ndipo ndi labwino ngati sapitirira 200 ndi 500. Sayang'ana botolo limodzi ayi. Amasonkhanitsa zotsatira za zaka zinayi, ndipo pafupifupi mabotolo 95 pa 100 alionse ayenera kukhala pansi pa malirewo. South Africa inatengera manambala ofanana ndi amenewa m'malangizo ake a mu 2012, ndipo ku Durban nambala imene anthu anaizolowera m'nyuzipepala ndi 500 ya E. coli. Ku America, kumene lamulo la mu 2000 lotchedwa BEACH Act limapereka ndalama zoyezera magombe ndi kuchenjeza anthu, madera ambiri akhala akuika chenjezo botolo limodzi likapitirira enterococci 104.

Manambalawa asatipusitse. Madzi a 499 si oyera, ndipo a 501 si chiphe. Mzerewo anaujambula ndi anthu atakhala pansi n'kugwirizana kuti odwala ochuluka chonchi tingawapirire. Tikumbukirenso kuti amene anamizidwa mitu ku Britain aja anali akuluakulu athanzi. Mwana wa zaka zinayi amene amatandala tsiku lonse m'madzi osaya, akudya mchenga, sanawerengeredwe mokwanira.

Kuti 500 timumvetse bwino, tiyerekeze ndi gwero lake. M'mamililita 100 a suweji yosayeretsedwa mumakhala E. coli mamiliyoni. Ndowa imodzi yokha ya zoterezi imafuna ndowa masauzande ambiri za madzi oyera kuti chiwerengero chitsike kufika pamalire.

Chikwangwani chimanena za dzulo

Apa ndiye pagona nkhani. Botolo latungidwa Lolemba m'mawa. Zotsatira zatuluka Lachiwiri. Akuluakulu akambirana, chikwangwani chaikidwa Lachiwiri masana kapena Lachitatu. Koma nyanja siima. Madzi amene anatungidwa aja anapita kalekale, mafunde akwera ndi kutsika kangapo, mphepo yasintha. Anthu amene anasambira Lolemba, tsiku limene madzi anali oipadi, palibe anawachenjeza. Amene abwezedwa Lachitatu mwina abwezedwa pamadzi abwino.

Komanso magombe ambiri sayezedwa tsiku lililonse. Kwina ndi kamodzi pa sabata, kwina kamodzi pa masabata awiri. Ku England amayeza m'nyengo yosambira yokha, kuyambira pa 15 Meyi mpaka pa 30 Sepitembala. Paipi ikaphulika tsiku lotsatira kuyeza n'kukonzedwa asanabwerenso, m'mabuku simuoneka kanthu.

Pofuna kutseka mpata umenewu, njira yotsika mtengo kuposa zonse ndi kuyang'ana kumwamba. Azaumoyo a ku Los Angeles amalangiza anthu kuti asalowe m'nyanja kwa maola 72 mvula yamphamvu ikagwa, makamaka pafupi ndi ngalande ndi mitsinje. Ku Sydney amati dikirani tsiku limodzi pa magombe oyang'ana nyanja yaikulu, ndi masiku atatu m'malo otsekeka monga m'doko, momwe madzi sasinthana msanga. Za ngalandezo pali umboni wake: kafukufuku wa mu 1995 ku Santa Monica Bay, amene anafunsa osambira oposa 10,000, anapeza kuti osambira pakamwa pa ngalande ankadwala kwambiri kuposa amene anali pamtunda wa mamita oposa 350. Chomvetsa chisoni n'chakuti timadziwe ta pakamwa pa ngalande ndi mitsinje ndi tomwe makolo amakonda kusiyapo ana, poti madzi ake ndi osaya, ofunda, opanda mafunde.

Mizinda ina inapita patsogolo n'kumalosera. Amaphunzitsa kompyuta zotsatira za zaka zambiri pamodzi ndi mvula, mphepo ndi mafunde a masiku amenewo, ndipo m'mawa uliwonse imanena mmene madzi angakhalire lero. Sydney ndi Auckland amachita zimenezi, ndipo ku Scotland magombe ena ali ndi zikwangwani zamagetsi zimene zimasintha tsiku ndi tsiku. Palinso kayezedwe katsopano kosadikira kuti mabakiteriya aswane, kongofufuza DNA yawo, kamene kamapereka yankho tsiku lomwelo. Dera la San Diego ku California, limene limavutika ndi zonyansa za mumtsinje wa Tijuana, linayamba kukagwiritsa ntchito mu 2022. Koma n'kodula, ndipo kamawerengera limodzi mabakiteriya amoyo ndi akufa omwe.

N'chifukwa chake WHO imalimbikitsa kuti botolo lisamayende lokha. Pafunikanso munthu woyendera dera lonse ndi miyendo, kuona kumene kuli mapaipi, makina opopa, ngalande, makola a ziweto ndi midzi yopanda zimbudzi. Mbiri ya gombe imanena zambiri kuposa zotsatira za sabata ino. Ndipo gombe lopanda chikwangwani sikuti ndi loyera. Magombe ambiri padziko lapansi palibe amene amawayeza n'komwe.

Zimene zinachitika ku Durban

Pa 11 ndi pa 12 Epulo 2022 ku Durban ndi madera ozungulira kunagwa chimvula choopsa, malo ena mamilimita oposa 300 pa maola 24. Anthu oposa 400 anamwalira. Pamodzi ndi nyumba ndi milatho, madziwo anakokolola mapaipi a suweji amene ankadutsa m'mbali mwa mitsinje, anamiza makina opopa, n'kuwononga malo oyeretsera. Kwa miyezi yambiri zonyansa zosayeretsedwa zinkatsikira m'mitsinje monga uMngeni ndi Ohlanga, ndipo khonsolo ya eThekwini, imene imayendetsa mzindawo, inatseka magombe.

Kunena chilungamo, mvulayo inapeza zinthu zitafooka kale. Miyezi itatu chigumulacho chisanachitike, mu Januwale 2022, magombe angapo a mumzindawo anali atatsekedwapo chifukwa cha E. coli. Mapaipi anali okalamba, makina osakonzedwa, ndipo kuthimathima kwa magetsi kunkawonjezera vuto.

Pamene Disembala 2022 ankayandikira, nkhani ya mabakiteriya inasanduka ya ndalama ndi ndale. Mahotela a m'dera la uMhlanga, ogulitsa zakudya, ojambula zithunzi, amayi ogulitsa mikanda m'mbali mwa gombe, onsewa chaka chawo chimadalira masabata ochepa a tchuthi. Magombe ena ankatsegulidwa, patapita masiku n'kutsekedwanso. Meya wa nthawiyo, Mxolisi Kaunda, analowa m'nyanja pamaso pa atolankhani kuti anthu aone kuti madzi ali bwino. Ngati umboni, zimenezi zilibe kanthu: ngakhale m'madzi oipa kwambiri pa magulu a WHO aja, osambira ambiri amatuluka osadwala.

Chimene chinavuta kwambiri chinali chikhulupiriro. Bungwe loona za mitsinje la Adopt-a-River, mothandizana ndi labotale ya kampani ya Talbot, linkatunga madzi palokha n'kumalengeza zotsatira zake, ndipo nthawi zina zinkasiyana kwambiri ndi za khonsolo. Anthu anayamba kufunsa kuti wabodza ndani. Mwina panalibe wabodza. Mabotolo awiri otungidwa masiku osiyana, kapena m'mawa ndi masana, kapena motalikirana mamita 100, angathe kupereka manambala osiyana kakhumi. Koma khonsolo ndi imene imayendetsa mapaipi, imene imayeza madzi, imene imatsegula magombe, ndiponso imene imaitana alendo, ndiye munthu sangadzudzulidwe akakayika. Mu 2023 mbali ziwirizi zinayamba kumatungira limodzi, malo amodzi ndi nthawi imodzi, aliyense n'kukayeza ku labotale yake, zotsatira n'kumaziika poyera. Zimenezi sizinakonze paipi ngakhale imodzi, koma zinachepetsa mkangano wa manambala.

Mbendera, ndi zimene botolo siliona

Pagombe pamakhala mbendera zosiyanasiyana, ndipo alendo amazisokoneza. Mbendera ziwiri zofiira ndi chikasu zimasonyeza malo amene opulumutsa anthu akulondera. Sambirani pakati pa ziwirizo. Zimenezi zimanena za mafunde ndi mikokomo ya madzi yokokera munthu kwakuya, sizinena chilichonse za ukhondo. Yonena za ukhondo ndi mbendera ya buluu, ya ndondomeko yotchedwa Blue Flag, imene inayamba ku France mu 1985. South Africa inakhala dziko loyamba kunja kwa Ulaya kulowamo, mu 2001. Kuti gombe liilandire liyenera kukhala ndi madzi a gulu labwino koposa, opulumutsa anthu ndi zimbudzi zaukhondo. Imaperekedwa kwa nyengo imodzi yokha, ndipo madzi akaipa imatsitsidwa.

Kuwerenga E. coli ndi enterococci kumangoona chimbudzi basi. Mu Julayi 2021, pa nthawi ya zipolowe za ku KwaZulu-Natal, nyumba yosungiramo mankhwala a ulimi ya kampani ya UPL ku Cornubia inatenthedwa. Madzi ozimitsira moto anakokolola mankhwalawo kupita nawo mumtsinje wa Ohlanga mpaka kunyanja, nsomba zinafa zambiri, ndipo magombe a kumpoto kwa Durban anatsekedwa kwa miyezi ingapo. Botolo loyeza mabakiteriya silikanaona kanthu. Panafunika kuyeza kwina, kofufuza mankhwalawo m'madzi, mumchenga ndi m'zamoyo za m'nyanja.

Kugombe la kumadzulo kwa South Africa kumachitika china, chachilengedwe. Tizomera tosaoneka ndi maso timaswana mwadzidzidzi mpaka madzi kufiira psuu kapena kuoneka oderako. Mitundu ina ili ndi poizoni amene amaunjikana mu nkhono za m'nyanja zimene anthu amatola m'matanthwe, ndipo poizoniyo satha ngakhale muphike chotani. Tizomerato tikafa n'kuyamba kuwola timatha mpweya m'madzi, moti ku Elands Bay nkhanu zikuluzikulu za m'nyanja zimatuluka zokha n'kudzaunjikana pamchenga. Zikatero chenjezo la boma limalunjika kwa otola ndi ophika kuposa osambira: musatole, musadye, musagulitse, kufikira zoyeza zitasonyeza kuti poizoni watsika.